Kamera ya Maso Awiri ndi Ojambula a Kunyanja

Makamera oyamba kufika kuno kwathu, m'mphepete mwa nyanja pakati pa Kande ndi Chintheche, anabwera m'mabokosi a amishoni. A Livingstonia Mission, malungo atawatopetsa ku Cape Maclear, anasamukira ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws. Kuyambira pamenepo Atonga anayamba kuimikidwa pamzere kuti ajambulidwe: ana asukulu, aphunzitsi, mafumu, amtengatenga. Chithunzi chinkagwera pa galasi lopakidwa mankhwala, lolemera komanso losachedwa kusweka. Zithunzizo sizinkakhalitsa kuno. Zinkakwera sitima kupita ku Scotland, kumene ankazionetsa m'matchalitchi potolera ndalama za mishoni, ndipo zambiri zikusungidwa ku Edinburgh mpaka lero.

Kummwera kunali Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa Blantyre Mission, amene anakaphunzira ku Scotland n'kudzakhala wojambula wodziwika. Ndiye anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Koma ife akunyanja chithunzi chodzisankhira tokha tinachidziwa kudzera mwa anthu a paulendo. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira kufupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi chabe mwa amuna ambirimbiri amene anasiya bwato ndi munda wa chinangwa n'kulowera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Munthu akalandira malipiro ankalowa m'situdiyo, kuvala jekete, nthawi zina lobwereka pompo, kuika dzanja pampando, n'kutumiza chithunzicho m'kalata. Kwa mkazi wotsala kumudzi kapepala kameneko kanali umboni. Kankatseka pakamwa onse onena kuti mwamunayo watchona kapena anamwalira kumgodi.

Asibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anabwerera kuchokera ku Bulawayo dziko lathu litatsala pang'ono kulandira ufulu. Anzawo anabwera ndi njinga ndi makina osokera. Iwo anabwera ndi Yashica yogula kwa munthu, yamagalasi awiri kutsogolo, lina pamwamba pa linzake. Ana tinkangoti kamera ya maso awiri. Yapamwamba ya mtunduwo inali Rolleiflex ya ku Germany, imene inatuluka mu 1929, koma mtengo wake sunali wa munthu wogwira ntchito m'hotela. Zonse ziwiri zinkadya filimu imodzi, yotchedwa 120, imene Kodak anayamba kupanga mu 1901. Mpukutu umodzi unkatulutsa zithunzi 12 zokha, chilichonse masentimita pafupifupi 6 mbali zonse.

Kukula kumeneko ndiko kunapangitsa kuti ntchitoyi itheke kumudzi kopanda magetsi. Filimu yaing'ono imafuna makina okulitsira chithunzi. Yaikuluyi ayi. Asibweni ankatseka chipinda ndi mabulangete, kutsuka filimuyo mumdima wa ndiweyani, kuiyanika, kenako n'kuigoneka pa pepala la zithunzi, galasi pamwamba. Ankayatsa nyali n'kumawerenga chamumtima, akatero pepala lija m'mbale ya mankhwala oyamba, m'madzi, m'mankhwala achiwiri, tochi yokutidwa ndi nsalu yofiira ikuunikira patali. Chithunzi chinkatuluka chokwana pachikhatho, nkhope ikuoneka bwinobwino. Madzi otsukuluzira tinkatunga ndife kunyanja m'mamawa, mafunde asanavundule mchenga. Mankhwala ndi mapepala ankaitanitsa ku Blantyre, n'kumadikira Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Sitima yomweyo inkawatengera ku Usisya, kumene imaima pakuya anthu n'kutsikira m'maboti, kamera itakulungidwa m'thumba la pulasitiki pamutu.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi kaimidwe kawo. Kamerayi suiika pamaso. Umaigwirira pamimba n'kuweramira pansi kuti uone munthu pa kagalasi kapamwamba. Choncho wojambula ankaoneka wowerama pamaso pa wojambulidwa, ndipo akuluakulu amene akanakana kulozedwa ndi chinthu kunkhope ankakhala phee. "Ada, musaphethire," ankatero asibweni, osadzutsa mutu. Ndi zithunzi 12 zokha pa mpukutu, panalibe zoti tiyesenso. Ankayamba akonza kolala ya mwamuna, mpango wa mayi, mapazi a mwana. Nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano ndiyo inali ya ndalama: magulu a malipenga atavala zoyera, amayi a chilimika, maukwati a anthu obwera kutchuthi. Ena ankalipira ndi usipa wouma kapena ufa wa kondowole.

Luso limeneli silinali laling'ono. Kamera za Hasselblad za ku Sweden, zimene zinajambula anthu oyamba kuponda pamwezi mu 1969, zinkatulutsa chithunzi cha kukula pafupifupi komweko. Ku Bamako, m'dziko la Mali, Malick Sidibé ankajambula achinyamata a m'dera lake monga asibweni ankachitira kuno, ndipo mu 2003 analandira mphotho ya Hasselblad. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anasunga mafilimu ake m'mabokosi, chaka ndi chaka. Kuno mvula imagwa yambiri, chinyezi sichichoka m'nyumba. Mafilimu a asibweni ambiri anachita chuku m'sutikesi, ena anamatirirana, mapepala chiswe chinadya. Zimandipweteka, chifukwa munali nkhope za mudzi wonse.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinabweretsa kamera zazing'ono ndi zithunzi zamitundu. Mpukutu unali wa zithunzi 36, ndipo wojambula analeka kutsuka yekha. Ankayenda panjinga mumsewu wa M5, kulandira dipoziti, kudikira filimu idzaze, n'kukwera basi kukatsukitsa ku Mzuzu. Nthawi zina ankabwerako ndi mawu oti zithunzi zapsa, mkangano n'kubuka. Kenako kunabwera foni. Ngakhale tizithunzi ta pa ziphaso, timene tinkagulira ojambula ndiwo, tinachepa: pa kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017 alembi ankajambula okha ndi zipangizo zawo.

Opanga makamera aakulu aja nawonso mphepo yomweyi inawaomba. Bronica ndi Contax anatha cha mu 2005. Kodak inagwa mu 2012, ngakhale filimu yake ikupangidwabe. Mamiya ya ku Japan inamezedwa ndi Phase One ya ku Denmark mu 2015, ndipo Hasselblad tsopano ili m'manja mwa DJI, kampani ya ku China yopanga madroni. Amene anatsitsako mtengo ndi Fujifilm: GFX 100 yawo ya mu 2019, yojambula timadontho toposa 100 miliyoni pa chithunzi chimodzi, inkagulidwa pafupifupi madola 10,000, pamene Phase One ya timadontho 150 miliyoni inkafika cha m'ma 50,000. Kachipangizo kolandira kuwala, kamene kanalowa m'malo mwa filimu, ambiri mwa iwo amagula kwa Sony, motero tsogolo lawo latsamira pa wopanga mmodzi.

Wojambula maukwati wa ku Chintheche sadzagula kamera yotere, ndipo saifunikira. Ogula ake ndi otsatsa malonda, ojambula mapu ali m'ndege, ndiponso nyumba zosungira zakale, zimene zimaimika kamerayi pachitsulo n'kumajambula mabuku, makalata ndi mafilimu akale chimodzichimodzi. Ine ndikuona kuti makampaniwa akapulumuka, adzapulumukira ntchito yachitatuyi, ndipo m'pamene akutikhudzira ife. Filimu ya masentimita 6 imasunga zambiri kuposa zimene kapepala ka pachikhatho kankaonetsa. Ikajambulidwanso bwino n'kukulitsidwa, gulu la malipenga la anthu 30 limaoneka munthu aliyense payekha, nyota za pa yunifomu, ngakhale zolembedwa pa ng'oma.

Kamera imodzi yotere ingakwanire chigawo chonse cha kumpoto. Itakhala m'manja mwa a National Archives of Malawi, kapena Mzuzu Museum, kapena Sinodi ya Livingstonia, achinyamata awiri ophunzitsidwa bwino angayende nayo mpingo ndi mpingo, ndi batire ya sola, kujambula zimene zili m'masutikesi ndi m'maalubamu, mwiniwake ali pomwepo, n'kumubwezera chinthu chake tsiku lomwelo. Pambali pakhale wolemba, wofunsa agogo kuti uyu ndani, anapita kuti, chaka chanji, kodi anabwerako. Ntchitoyi ndi ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, misewu itauma, ndipo ndikanakonda iyambire ku Usisya ndi ku Ruarwe, kumene ofufuza safikafika.