Simfoni ya Nambala 9 ya Beethoven

Simfoni ya Nambala 9 ndi nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zoimbira pamodzi ndi kwaya, yomwe inapekedwa ndi Ludwig van Beethoven (1770–1827) wa ku Germany. Inaimbidwa koyamba pa 7 Meyi 1824 mumzinda wa Vienna, mwini wakeyo atagontha kale makutu. Ili ndi zigawo zinayi ndipo imatenga nthawi yoposa ola limodzi. Kwaya ndi oimba anayi otsogolera amadzalowa m'chigawo chomaliza chokha.

Mawu ndi chuni

Mawu ake anachokera m'ndakatulo ya Chijeremani ya Friedrich Schiller ya mu 1785, yotchedwa An die Freude, yomwe imatamanda chimwemwe ndi ubale wa anthu onse. Liwu loti ufulu mulibemo m'mawu amene kwaya imaimba, komabe anthu ambiri amaitenga ngati nyimbo ya ufulu. Chuni chake n'chosavuta, moti ophunzira piyano amayamba kuchiimba asanapite patali. M'matchalitchi chimamveka m'nyimbo ya Chingerezi ya Joyful, Joyful, We Adore Thee, yomwe mawu ake analemba Henry van Dyke mu 1907.

Ku Ulaya

Bungwe la Council of Europe linasankha chunichi kukhala nyimbo yake mu 1972, ndipo lero ndi nyimbonso ya European Union, yopanda mawu. Pa 25 Disembala 1989, khoma la Berlin litangogwa, Leonard Bernstein anatsogolera simfoniyi ku East Berlin ndipo anasintha liwu loti Freude, chimwemwe, kukhala Freiheit, ufulu.

Ku Rhodesia

Kuno kum'mwera kwa Africa mbiri yake ndi ina. Boma la azungu ochepa la Ian Smith, lomwe linalengeza lokha kuti Rhodesia yachoka m'manja mwa Britain pa 11 Novembala 1965, linatenga chuni chomwechi mu 1974 kukhala nyimbo ya fuko, Rise, O Voices of Rhodesia. Mawu ake analemba Mary Bloom. Nthawiyo nkhondo yomenyera ufulu inali mkati, ndipo anthu akuda ambiri analibe mwayi wovota. Pakati pawo panali Amalawi ochuluka ogwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, ena mwa iwo machona amene abale awo ali ku Ndirande kapena ku Bangwe mpaka lero. N'zodabwitsa ndithu kuti nyimbo yokamba za ubale inkaimbidwa polemekeza boma la tsankho.

Malawi sanabwereke chuni cha ku Ulaya: nyimbo ya fuko yomwe anasankha mu 1964 inapekedwa ndi Mmalawi, Michael-Fredrick Paul Sauka. Ya ku Rhodesia inasiya kugwira ntchito mu 1979, ndipo Zimbabwe inalandira ufulu pa 18 Epulo 1980.