Belu, Nyimbo ndi Phala: Mbiri ya Kupumula kwa Ana a Sukulu m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Nthawi yopumula imene ana a sukulu za pulayimale amapatsidwa pakati pa maphunziro, yomwe m'Malawi imadziwika kuti buleki, ili ndi mbiri yomwe silembedwa kawirikawiri, chifukwa olemba mbiri ya maphunziro amakonda kuwerenga masukulu, aphunzitsi ndi mayeso, ndipo mphindi zomwe mwana sakuphunzira amaziyesa mpata wopanda kanthu. Komabe mphindi zimenezi zimaonetsa momwe akuluakulu a m'badwo uliwonse ankaganizira za mutu wa mwana ndi malire a mphamvu zake. Ku Malomo, msika wa m'boma la Ntchisi womwe uli pa msewu wochoka ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, ndi m'midzi ya m'mapiri a Dowa, kupumula kwa wophunzira kwasamuka kangapo m'zaka zoposa 130: kunali mkati mwa phunziro lenilenilo, belu linakutulutsira panja, ndipo pambuyo pake kuchuluka kwa ana kunakakamiza aphunzitsi kukubwezera m'kalasi.

Sukulu zisanafike, mwana wa Chichewa ankaphunzira zambiri kudzera m'nthano zomwe agogo ankakamba madzulo, makamaka nyengo yokolola ikatha, ndipo kamangidwe ka nthano kakusonyeza kuti okamba ankadziwa bwino kuti maganizo a mwana sachedwa kuyendayenda. Wokamba sankaloledwa kuyankhula yekha, popeza omvera ankavomera kuti "tili tonse" akangomaliza chiganizo, ndipo mwana amene wayamba kusinza ankadziwika msanga chifukwa mawu ake ankasowa pa gulu. Nthano ikafika pakati, wokamba ankayambitsa nyimbo yomwe ana onse ankavomera uku akuwomba m'manja, ndipo nyimboyo inkabwerezedwa nkhani ikafika pa mfundo ina yofunika, kotero kuti mwana ankapumula kumvetsera popanda kuchoka mu nkhaniyo. Maphunziro a kudambwe, malo obisika omwe anyamata ankalowetsedwerako gule wamkulu, ndi a chinamwali cha atsikana, nawonso ankayenda mosinthanasinthana pakati pa malangizo, nyimbo ndi magule. Sikuti maphunziro amenewa anali ofewa, pakuti ena anali ndi zowawa zake, koma mwambo woti mwana akhale chete pamalo amodzi kwa maola angapo akumvera munthu mmodzi kunalibe.

Mwambo umenewo unabwera ndi amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, omwe anakhazika mishoni yawo yoyamba ku Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere mu 1889 motsogozedwa ndi Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, kenako ku Kongwe mu 1894 pansi pa Robert Blake, ku Nkhoma mu 1896, ndipo pambuyo pake ku Chinthembwe m'mapiri a Ntchisi. Kuchokera pa mishoni iliyonse kunafalikira masukulu a m'midzi, omwe nthawi zambiri anali nyumba ya udzu yogwiranso ntchito ngati tchalitchi, ndipo mphunzitsi wake analinso mlaliki. Cholinga chachikulu chinali choti mwana adziwe kuwerenga Mawu a Mulungu, omwe kumasulira kwake m'Chinyanja kunatsirizika mu 1922 motsogozedwa ndi William Hoppe Murray. Ana ankaloweza maphatikizo a zilembo mofuula pamodzi, kulemba pa sileti kapena pa dothi, ndi kuimba nyimbo za Mulungu poyamba ndi potsiriza. Sukulu zoterezi zinkatenga maola ochepa pa tsiku, ndipo vuto la mphunzitsi silinali kutopa kwa ana koma kusabwera kwawo, popeza ankafunika kubusa, kupirikitsa anyani m'minda ya m'mphepete mwa mapiri, ndiponso, kuyambira m'zaka za m'ma 1920 pomwe ulimi wa fodya unafalikira ku Lilongwe ndi Dowa, kuthandiza makolo pa ntchito ya fodya. M'midzi yambiri akuluakulu a gule wamkulu ankalimbirananso anyamata omwewo ndi aphunzitsi a mishoni. Mwana wokhala m'kalasi maola awiri okha sankasowa buleki yolembedwa, chifukwa tsiku lake lonse lotsala linali la kudambo ndi kuthengo.

Ku Ulaya, kumene ana anali atayamba kale kukhala m'kalasi tsiku lonse, funso la kutopa kwa wophunzira linali litavuta akatswiri. Edwin Chadwick wa ku England, m'zaka za m'ma 1860, ankalimbikira kunena kuti mwana wamng'ono satha kutchera khutu kwa nthawi yaitali ndipo kuti maola owonjezera m'kalasi amangotayika, pomwe Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa mu 1885 kuti zinthu zolowezedwa pang'onopang'ono, mopumira, zimakhalitsa m'mutu kuposa zolowezedwa nthawi imodzi. Maganizo amenewa sanafike ku Nyasaland ngati chiphunzitso, koma anafika atabisala m'ndandanda wa nthawi, pepala logawa tsiku la sukulu m'zigawo zofanana, phunziro lililonse ndi mphindi zake. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dzikoli mu 1924, boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926 ndi sukulu ya Jeanes ku Domasi mu 1929, komwe ankaphunzitsa aphunzitsi oyendera masukulu a m'midzi. Sukulu yofuna thandizo la ndalama za boma inkayenera kutsata ndandanda womwe woyendera angauone pa khoma, ndipo m'ndandandamo munali nthawi ya masamu, ya kuwerenga, ya kudimba la sukulu, ya kuguba ndi kulimbitsa thupi, komanso ya kupumula.

Apa ndi pomwe kupumula kunapatukana ndi phunziro. Chida cholamulira tsiku chinakhala belu, lomwe m'masukulu ambiri a kumudzi mpaka lero ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo, ndipo ntchito yoliza inkapatsidwa kwa mwana wamkulu wodalirika. Chomwe okonza ndandanda mwina sanachiganizire n'chakuti mphindi za buleki zinasanduka nthawi yokhayo ya tsiku la sukulu imene ana ankadzilamulira okha, ndipo anazidzaza ndi masewera a kumudzi kwawo. Atsikana anabweretsa phada, masewero oponya kamwala m'mwamba n'kutola timiyala tina m'kadzenje kamwalako kasanagwe, komanso fulaye, momwe mmodzi amazinda mpira woponyedwa ndi anzake awiri, ndi jingo yodumpha chingwe. Anyamata ankamenya mpira wachikulunga, womwe poyamba ankaupanga ndi nsanza ndipo pambuyo pake ndi mapepala a pulasitiki, ankakwapula nguli, kapena kukumba maenje a bawo pansi pa mtengo. Masewera amenewa sanalembedwe m'buku la mphunzitsi aliyense, koma mwana wosewera phada amawerengera, woweruza fulaye amaphunzira kuthetsa mkangano, ndipo onse amabwerera m'kalasi atatulutsa thukuta ndi phokoso zomwe zikanasokoneza phunziro lotsatira. Tinganene mosakayika kuti bwalo la sukulu linasunga masewera ena omwe kusintha kwa moyo wa kumudzi kukanawaiwalitsa.

Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, thupi la mwana wa sukulu linkayang'aniridwa kwambiri, koma osati n'cholinga choti lipumule. A Malawi Young Pioneers, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1963 ndi kulandidwa zida mu Disembala 1993, ankaphunzitsa kuguba ndi kulimbitsa thupi m'masukulu, ndipo khalidwe lotamandidwa linali kumvera ndi kusunga mwambo. Popeza malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana olemba mayeso a Sitandade 8, kalasi imeneyi inkalowa m'mamawa, kubwereranso masana, ndipo buleki inkaoneka ngati nthawi yoti ibedwe pomalizitsa ntchito. Inalinso nthawi ya chibalo, chilango cha ntchito ya manja monga kutchetcha, kusesa kapena kuzula chitsa, chomwe chinkagwera ochedwa ndi olongolola. Chodabwitsa chake n'chakuti mwana wolephera kukhazikika m'kalasi, yemwe ankafunikira kuthamanga kuposa anzake onse, ndi amene kawirikawiri ankalandidwa buleki.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1994, boma la Bakili Muluzi litathetsa malipiro a sukulu za pulayimale, pomwe chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 omwe anali asanapite ku koleji. Makalasi a ana oposa 100 anakhala chinthu chozolowereka, makamaka mu Sitandade 1 ndi 2, ndipo ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo, pomwe mbuzi yodutsa, ngolo kapena mtambo wa mvula zinkakwanira kubalalitsa maganizo a kalasi yonse. Ngakhale phunziro la m'makalasi amenewa ndi la mphindi 30 zokha, mphunzitsi sakanatha kudikira belu, choncho anayamba kudula phunzirolo ndi kanyimbo, kuwomba m'manja motsatira kamvekedwe kodziwika, kuimiritsa ana kuti adziwongole, kapena mawu oyitana omwe kalasi yonse imavomera. Aphunzitsi ena anaphunzira njira zimenezi ku misonkhano yawo ya m'mazoni, magawo a masukulu oyandikana omwe ali ndi mlangizi wawo, koma ambiri anangotenga zomwe anakula nazo ku tchalitchi ndi pa bwalo la nthano. Motero njira ya agogo yoika nyimbo pakati pa nkhani inabwerera m'kalasi, osati chifukwa cha lamulo la unduna, koma chifukwa munthu mmodzi alibe njira ina yogwirira makutu a ana 100 popanda kukweza ndodo.

Pali kutopa kwina komwe nyimbo siingachotse. Mwana wa m'midzi ya m'mapiri amene wayenda mtunda wautali m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni, kapena amene wachoka kunyumba osadya kanthu m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, amasinza chifukwa cha m'mimba, osati chifukwa cha kutalika kwa phunziro. Njala ya mu 2002, yomwe inakantha kwambiri chigawo chapakati, inachotsa ana ambiri m'makalasi, ndipo ndi m'chaka chomwecho pomwe bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana m'Malawi, patangopita zaka zochepa bungwe la World Food Programme litayambitsa ntchito yofananayo ku Dedza mu 1999. M'masukulu momwe phala la ufa wa chimanga ndi soya limaphikidwa ndi makolo odzipereka, kapu ya pulasitiki inakhala chida cha sukulu monga kope ndi pensulo. Kumene phala silifika, buleki ndi nthawi imene kusiyana kwa mabanja kumaonekera poyera, popeza amayi ogulitsa zitumbuwa, mandasi, chigumu, nzimbe ndi chinangwa amakhala m'mphepete mwa bwalo, ndipo mwana wopanda ndalama amapita ku mjigo kukamwa madzi. Pa sukulu ya ana mazana ambiri yokhala ndi mjigo umodzi ndi zimbudzi zochepa, mphindi zopumula zimathera pa mzere.

Ndondomeko ya maphunziro yomwe inayamba mu 2007, yokonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, inaphatikiza nyimbo, magule, zojambula ndi zolimbitsa thupi m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts, ndipo inalimbikitsa njira zoti mwana azitenga mbali m'kalasi. Ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, yomwe inayamba mu 2016, inabwera ndi mabuku a mphunzitsi olongosola phunziro mphindi ndi mphindi, momwe nyimbo zazifupi zinapatsidwa malo ake, ndipo m'chaka chomwecho unduna unatalikitsa tsiku la sukulu. Ku Finland, dziko lomwe limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, mwambo ndi woti ana apumule mphindi 15 akaphunzira mphindi 45, ndipo bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalengeza mu 2013 kuti buleki isamalandidwe kwa mwana ngati chilango kapena pofuna kuwonjezera nthawi yophunzira. Madokotalawo anasiyanitsanso masewera otsogozedwa ndi mphunzitsi ndi masewera omwe ana amasankha okha, ndipo kusiyanitsa kumeneku n'kofunika ku masukulu a Ntchisi ndi Dowa, chifukwa kanyimbo ka mphindi ziwiri kamabweza maganizo a kalasi kwa mphunzitsi koma mwana amakhala akadali pansi pa lamulo, pomwe pa fulaye ndi pa mpira wachikulunga amakhala akudzilamulira yekha. Tsiku la sukulu litatalika, mwana wa Sitandade 1 amene kale ankaweruka dzuwa lisanatenthe tsopano amafika masana ali pa sukulu, ndipo ndandanda wa pa khoma umasiyira mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi ake udindo woonetsetsa kuti mphindi za buleki zisathere pa chibalo, pa mzere wa ku mjigo, kapena pa kukopera zolemba za pa bolodi zomwe zinatsala.