Kuchokera pa mbuzi ya chipepeso kufika pa inshuwalansi

Galimoto zisanayambe kukwera mapiri a kwa Dambe ndi kwa Chekucheku ku Neno, munthu akavulaza mnzake pamowa nkhani inkathera kubwalo la mfumu. Kumeneko mawu akuti "unali mowa" sankamasula wolakwa, chifukwa chikho anachinyamula yekha. Ankalipa nkhuku kapena mbuzi, ndipo akalephera, mwini mbumba ndi abale ankasonkherana. Mwambowu unaima pa mfundo ziwiri: wovulala asasiyidwe chimanjamanja, ndipo mlandu wolemera usasenzedwe ndi munthu mmodzi. Ine ndikuona kuti mfundo zimenezi zilipobe, koma lero zili m'malamulo a pamsewu, ndipo anthu a ku Neno amaluza zambiri akamakhutira ndi chipepeso chokha.

Chinasintha ndi kukula kwa zovulala. Pamene Neno inkachoka ku Mwanza n'kukhala boma palokha mu 2003, maulendo anali ochepa. Lero malole amatsika ndi mbatata ya kachewere ndi manachesi, njinga zamoto za kabaza zadzaza pa Boma, ndipo pa Zalewa, pomwe msewu wa M1 umakumana ndi wopita kuchipata cha Mwanza, galimoto sizileka usiku ndi usana. Chibonga cha pamowa chinkasiya chotupa. Dalaivala woledzera amasiya mwendo woduka, mayi wamasiye ndi ana osowa fizi. Mbuzi imene inkakwana kale singalime munda wa munthu amene sadzagwiranso khasu.

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 linayankha vutoli m'njira yofanana ndi ya makolo. Limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, ndipo limakakamiza eni galimoto kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Limalolanso wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Apa kampani ikugwira ntchito ya mwini mbumba: ambiri amasonkha kuti mmodzi akalakwa, wolakwiridwa alandire chipukuta misozi. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti milandu ndi iwiri. Apolisi akamutengera dalaivala kwa majisitireti, chindapusa chimapita kuboma. Ndalama za chithandizo, za ululu ndi za ntchito imene yatayika kawirikawiri zimabwera wovulalayo, kapena banja la womwalira, akadandaula payekha.

Ena amati kusumira munthu wa m'mudzi momwemo n'kudula ubale, ndipo makhoti aakulu ndi maloya ali kutali ku Blantyre, pamene msewu wa ku Neno umavuta nthawi ya dzinja. Akunena zoona ndithu, koma chipepeso ndi chipukuta misozi sizilimbana. Bokosi ndi thumba la ufa pamaliro zimasonyeza umunthu wa wolakwa, osati kutha kwa ngongole yake. Amene alibe ndalama ya loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Chovuta chenicheni ndi njinga zamoto zambiri zopanda inshuwalansi, chifukwa pamenepo mulibe thumba la onse, ndipo wolipa ndi mnyamata amene nayenso ndi wosauka. Komabe zimenezi zikutiuza kuti njinga zilembetsedwe ndi kulipiridwa inshuwalansi, osati kuti ovulala asiye kufuna zawo.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma kukhoti mlandu wa kuvulala uli ndi malire a zaka 3. Banja limene latha miyezi likudikira malonjezo a pakamwa lingadzidzimuke nthawi itadutsa. N'chifukwa chake mafumu, azibusa ndi ankhoswe, amene amafika msanga pangozi ndi pamaliro, ayenera kuwonjezera mawu amodzi pa malangizo awo. Pepesanani monga mwa mwambo, koma tengani lipoti la apolisi ndi kalata ya kuchipatala cha Neno kapena cha Lisungwi, lembani nambala ya galimoto ndi dzina la inshuwalansi yake, ndipo musasainire pepala lotseka nkhani musanafunse wodziwa malamulo.