Chiwondo ndi Chikamwini kwa Zingalume

M'nkhani ino tikuunika malo a chiwondo, chomwe ena amati nyanda, m'maukwati akale a Achewa a kwa Zingalume m'boma la Chadiza. Nsalu imeneyi sinali yoluka ayi. Amuna ankasenda khungwa la mombo, kulinyika, ndi kulisula pa chipika mpaka litafewa. Pofuna kuti lide, ankalikwirira m'matope akuda a kudambo. Gamitto, yemwe anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 popita kwa Kazembe, anapeza anthu akuvala nyanda yomweyi.

Nsalu zosaluka ziliko kwinanso. Ku Kyrgyzstan amachita kupsinja ubweya wa nkhosa, nauika mitundu, ndipo mkwatibwi amatenga zoyala zoterezi popita kwa mwamuna. Kwa Achewa zinali zosemphana. Wosamuka anali mwamuna, kukakhala mkamwini, ndipo kuveka mkazi inali ntchito ya manja ake, monganso kumanga nyumba ndi kulima m'munda mwa apongozi. Tikuona kuti omasulira amalakwa akamaika zonsezi m'thumba limodzi ndi malowolo a Angoni a Mpezeni, pakuti chiwondo sichinkasamutsa ana kuwachotsa ku mbumba ya malume awo.

Ulamuliro wa atsamunda utakhazikika Angoni atagonja mu 1898, msonkho unathamangitsira anyamata ku Southern Rhodesia. Pobwerako, mkamwini ankaveka mkazi wake nsalu yogula m'sitolo, ndipo luso losula chiwondo linatsalira m'manja mwa okalamba.