Matenda ndi Ngozi za Masiku a Eid: Momwe Tingazipewere

Pa Eid ul-Fitr ndi Eid ul-Adha timasonkhana ambiri, timaphika zochuluka ndiponso timayenda maulendo. Matenda ndi ngozi za masiku amenewa zimachokera pa zinthu zitatu zomwezi, ndipo zambiri zimapeweka tikakonzekera.

Madzi ndi kolera

Kolera imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi ndi Salima ndi ena mwa maboma amene anavutika kwambiri. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, tiziwawiritsa kapena kuthiramo kolorini tisanamwe. Alendo asasambe m'manja m'beseni limodzi. Tiziwathirira madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa uku mukupita naye kuchipatala. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa.

Nyama ya Qurbani ndi chakudya chotsala

Chiweto chodwala sichiyenera Qurbani, ndipo pamene tikukayika tifunse alangizi a ziweto. Tizizingira pamalo aukhondo, matumbo tiwaike padera, nyama tigawe tsiku lomwelo. Yotsala tiiwambe, tiiyanike ndi mchere kapena tiiike mufiriji. Kuno kunyanja kumatentha, choncho mpunga ndi ndiwo zikakhala kupitirira maola awiri zitaphikidwa, tizilombo timaswanamo. Chakudya chogona chitenthetsedwe mpaka chituluke nthunzi.

Odwala shuga ndi BP

Mimba imene yazolowera kusala mwezi wonse wa Ramadhan imavutika ikadzazidwa kamodzin'kamodzi. Tiyambe ndi chakudya chochepa. Zakumwa zotsekemera zimakweza shuga, mchere wambiri umakweza BP. Amene anasintha nthawi yomwera mankhwala chifukwa cha kusala aonane ndi achipatala Eid isanafike, kuti adziwe momwe abwererere ku nthawi zakale.

Nyanja, msewu ndi usiku

Ana amathamangira kunyanja akulu ali kalikiliki ndi miphika. Tisankhiretu munthu wamkulu wowayang'anira. Mwana akayamba kukodza magazi patapita masabata angapo, nthawi zambiri amakhala likodzo, ndipo limachizika ndi mankhwala a praziquantel. Boti lodzaza mopyola muyezo tisakwere, makamaka mwera ukamaomba. Pa kabaza wa njinga yamoto pakhale wokwera mmodzi, atavala chisoti. Alendo ogona tiwakonzeretu neti, choyamba amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka zisanu, chifukwa malungo amawagwira moopsa.

Kwatsala tsiku limodzi, banja lililonse lione ngati m'nyumba muli sopo, kolorini, mapaketi a ORS ndi maneti okwanira. Allah atifikitse pa Eid tili athanzi.