Kodi adzukulu athu adzayankhula chilankhulo chanji?

Lero kuchokera kuno ku Phalula ndati tikambeko za nkhani zopeka za m'tsogolo, zija pa Chingerezi amati science fiction.

Mu 1949 George Orwell anatulutsa buku la Nineteen Eighty-Four. M'bukuli boma lankhanza limadula mawu m'chilankhulo chaka ndi chaka kuti anthu asowe mawu oganizira zoukira. Kwa ife Amalawi nkhani ya boma kulamula chilankhulo si yachilendo.

Angerezi atatenga dziko lino mu 1891, amishoni ankaphunzitsa ana aang'ono m'zilankhulo zathu, koma ntchito yaukalaliki ku boma inkafuna Chingerezi. Titalandira ufulu mu 1964 zinapitirira. Mu 1968 msonkhano wa MCP unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, Chichewa ndi Chingerezi zikhale za boma, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Chiyao, chomwe abale athu ambiri a ku Machinga ndi kuno ku Balaka amayankhula, chinalowa pa MBC mu 1996. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo aphunzitsi anzanga mukudziwa kuti mwana akalephera Chingerezi, setifiketi ya MSCE saiona.

Nanga olemba athu akamalota za mawa, amalota m'chilankhulo chanji? Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa patatha zaka 500, yomwe inapata mphoto ya Peer Gynt mu 2013. Muthi Nhlema analemba Ta O'Reva, momwe Nelson Mandela amabweranso. Ndi ntchito zonyaditsa, koma zonsezi zili m'Chingerezi. Sindikuwadzudzula ayi: sukulu, osindikiza ndi mphoto ndi zomwe zinawalozera njirayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mwana wa Fomu 2 amazolowera kuti Chichewa ndi Chiyao n'za nthano za kalulu, pamene za makina ndi za mawa n'za Chingerezi. Angoni a ku Ntcheu akudziwa kuti chilankhulo chimatayika: ngoma akuvinabe, koma Chingoni oyankhula ndi owerengeka.

Samuel Ntara analemba Nthondo m'Chinyanja mu 1933, buku lija n'kumasuliridwa m'Chingerezi mu 1934. Zinayambira kwathu n'kupita kunja. Ndiye aphunzitsi anzanga, teremu ino tiwapatseko ana chimangirizo chakuti: Phalula m'chaka cha 2500. Alembe m'chilankhulo cha kunyumba kwawo. Amene muyesere, mundiuze zomwe anawo alemba.