Momwe Diso Lidayambira Kuulula za Ubongo pa Matenda a Multiple Sclerosis

Matenda a multiple sclerosis amayamba chitetezo cha m'thupi chikaukira mwini wake. Chimawononga mafuta otchedwa myelin, omwe amakuta mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, ndipo uthenga umayenda modukizadukiza ngati magetsi m'waya wosupuka. Jean-Martin Charcot wa pachipatala cha Salpêtrière ku Paris adawafotokoza bwino mu 1868, koma zipsera zimene matendawa amasiya mu ubongo ankaziona wodwala atatsikira kale kulichete.

Kwa wodwala wamoyo, poyang'anira padali m'diso basi. Hermann von Helmholtz atatulutsa kagalasi kounikira m'kati mwa diso mu 1851, madokotala adayamba kuona mutu wa mtsempha wa diso utayezuka mwa odwala ambiri. Mu 1890 Wilhelm Uhthoff adalemba za odwala amene maso awo ankachita chidima akagwira ntchito yotulutsa thukuta. Mu 1972 Martin Halliday ndi Ian McDonald ku London ankaonetsa odwala timabokosi takuda ndi toyera tosinthana malo, n'kupeza kuti uthenga wochokera m'diso lomwe lidatupapo mtsempha umafika mochedwa ku ubongo, ngakhale mwiniwake akuti akuona bwinobwino.

Kenako makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI adalanda bwalo. Mu 1981 Ian Young ndi anzake pachipatala cha Hammersmith adajambula odwala 10. Makina a CT adaona zipsera 19, koma MRI idaona zomwezo ndi zina 112 pamwamba. Ngakhale kafukufuku wamkulu wa ku America wa anthu otupa mtsempha wa diso, yemwe adayamba mu 1988, adakometsa MRI yomweyo. Patatha zaka 15, mwa omwe ubongo wawo udalibe chipsera pachiyambi, 25 pa 100 aliwonse ndiwo adapezeka ndi matendawa, pamene mwa omwe adali ndi chipsera ngakhale chimodzi adali 72.

Komabe kuwerenga zipsera sikunkalongosola zonse. Wina wa zipsera zambiri ankayenda yekha, mnzake wa zochepa ali panjinga ya olumala. Chimene chimalumalitsa munthu kwenikweni ndi kufa kwa mitsempha yeniyeniyo, ndipo kuyeza kunyala kwa ubongo pa MRI n'kovuta ndiponso kokwera mtengo.

Apa ndi pomwe diso lidabwereranso. Mitsempha ya mu retina, kachikopa kopyapyala ka kumbuyo kwa diso, ilibe myelin, choncho ikapyapyala dziwani kuti mitsempha ndiyo yatha. Mu 1991 David Huang ndi James Fujimoto a ku MIT adalengeza makina a OCT, oyeza kachikopaka ndi kuwala. Wodwala amangotsamiritsa chibwano, n'kuyang'anitsitsa kadontho kowala, ndipo pakangopita mphindi zochepa ntchito yatha, popanda jakisoni kapena phokoso la MRI. Vincenzo Parisi ku Rome adawayesa pa odwala multiple sclerosis mu 1999. Mu 2007 gulu la Peter Calabresi ku Johns Hopkins lidaonetsa kuti amene mitsempha ya m'diso yawapyapyala, ubongo wawonso umakhala wonyala. Mu 2015 Shiv Saidha wa gulu lomwelo, atatsatira odwala 107 kwa zaka 4, adapeza kuti ziwirizi zimatha limodzi, makamaka kwa amene matenda awo akungokulirakulira osapuma.

Chondipweteka n'chakuti mtsempha wa diso udakhala panja nthawi yaitali chonchi. Mfundo za McDonald zodziwira matendawa zidatuluka mu 2001, n'kukonzedwanso mu 2005, 2010 ndi 2017, koma mtsemphawu sunkawerengedwa pa malo ofufuzapo zipsera, chonsecho odwala ambiri amayamba ndi diso lopweteka ndi kuona mwachimbuuzi. Ena mwa iwo adadikira matenda awagwenso asadayambe mankhwala.

Mfundo za 2024, zomwe zidalengezedwa ku Copenhagen, zidaika mtsempha wa diso kukhala malo achisanu. Tsopano OCT ikaonetsa kuti maselo a mitsempha m'diso limodzi apyapyala kuposa linzake ndi maikulomita 4, umenewo ndi umboni. Dokotala ayenera kuyamba watsimikiza kuti si glaucoma kapena matenda ena a maso amene achititsa zimenezo, ndipo wodwala amajambulidwabe ubongo pa MRI.